Usanadine Batani, Yamba Waona Kuwala

Mwana wanga, ndamva kuti wapeza kamera. Kaya unakagula ku Tete ndi ndalama za fodya wa chaka chino, kaya anakutumizira achimwene ako a ku Johannesburg, kaya ndi yakale imene unaipeza motsika mtengo ku Chipata, nkhani ndi imodzi: chida chafika, chatsala ndi diso. Kamera munthu amagula tsiku limodzi, koma diso limachita kuleredwa. Kulera kumeneko n'kumene ndikufuna tikambirane, makamaka poti wati ukufuna kuyamba ndi zithunzi zakuda ndi zoyera.

Alipo amene akufunse kuti, "Bwanji ukubwerera m'mbuyo pamene ngakhale kafoni kotchipa kamatulutsa mitundu yonse?" Usatekeseke nawo. Mitundu imabisa zolakwika zambiri. Chitenje chikakhala chowala, anthu amayamikira chitenjecho n'kuiwala kuti nkhope ya mwini wake yatuluka yakuda bii, kapena kuti mtengo wa kumbuyo ukuoneka ngati wamera pamutu pake. Ukachotsa mitundu pamatsala zinthu zochepa: kuwala, mthunzi, kaumbidwe ka chinthu, ndi zimene zili pankhope ya munthu. Zimenezi zikapanda kukhala bwino, chithunzi chagwa, ndipo umadziwa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake woyamba motere amaphunzira msanga.

Ndipotu kamera yakoyo mkati mwake sidziwa mitundu. Sensa imene ili kuseri kwa lenzi imangoyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwagwa pa kadontho kalikonse. Opanga makamera amachita kuika pamwamba pake timasefa tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, kenako kakompyuta ka m'kameramo n'kumawerengera kuti apa pakhale mtundu uti. Ngakhale kamera yoyamba ya digito, imene Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975, inkajambula zakuda ndi zoyera basi, ndipo inkatha masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Makamera asintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma phata la ntchito likadali lomwelo: kuwala.

Tsiku loyamba usathamangire kumsika. Khala pakhonde, tsegula menyu, ukonze tsiku, mwezi, chaka ndi nthawi. Ambiri amadumpha zimenezi, koma pakadzatha zaka 20, deti lomweli ndi limene lidzakuuze kuti agogo ako unawajambula liti. Khadi yosungira zithunzi uichite format m'kamera momwemo, osati pa kompyuta ya munthu wina. Kenako fufuza pamene palembedwa Monochrome, kapena Monocromático ngati menyu ili m'Chipwitikizi. Pa Canon umapapeza mu Picture Style, pa Nikon mu Picture Control. Ukasankha pamenepo, chithunzi chilichonse chizioneka chakuda ndi choyera pa sikirini, ndipo diso lako liyamba kuzolowera. Ngati kamera ikulola, uiuze kuti izisunga RAW ndi JPEG nthawi imodzi. Fayilo ya RAW imasunga zonse zimene sensa yaona, ndi mitundu yomwe, pamene JPEG ndi chithunzi chimene kamera yakonza kale n'kutayapo zambiri. RAW imadzaza khadi msanga, komabe idzakupulumutsa tsiku limene eni ukwati adzati akufuna chithunzi chomwecho chamitundu.

Tsopano zinthu zitatu zimene zimaopsa oyamba kumene. Tayerekeza nyumba ya zenera limodzi. Kukula kwa zeneralo ndiye aperture: nambala yaing'ono ngati f/2.8 ndi zenera lotsegulidwa lonse, nambala yaikulu ngati f/11 ndi kampata kakang'ono. Nthawi imene zeneralo likhale lotsegula ndiye shutter speed: 1/500 ndi kuphethira kwa diso, 1/15 ndi kuchedwa. ISO ndi mphamvu imene kamera iwonjezere pa kuwala kumene kwalowako. Chilichonse chili ndi mtengo wake. Ukatsegula kwambiri, munthu amaoneka bwino koma za kumbuyo kwake zimachita chimbuuzi, zomwe n'zabwino pojambula nkhope. Ukachepetsa mpata kufika f/8 kapena f/11, zapafupi ndi zapatali zimaoneka zonse, monga umafunira pojambula msika kapena munda. Shutter ikachedwa, chilichonse choyenda chimasokonekera. ISO ikakwera, pachithunzi pamabwera timadontho.

Chotsa kamera pa Auto, uiike pa A kapena Av, pamene iwe umasankha aperture, kamera n'kusankha shutter. Koma uziyang'ana nambala imene yasankhayo. Pojambula anthu uli chogwira m'manja, isatsike pa 1/125. Ana akamathamanga kapena amayi akamasinja, pafunika 1/500. Panja masana ISO 100 kapena 200 ndi yokwanira. M'nyumba usaope kukweza mpaka 1600 kapena 3200, chifukwa timadontho tija pa zithunzi zakuda ndi zoyera sitinyansa, ndipo chithunzi cha timadontho chimaposa chithunzi chogwedera. Dzanja lamanzere likhale pansi pa lenzi, zigongono zitsamire nthiti, ndipo kukakhala mdima tsamira mtengo kapena khoma. Ngati uli ndi lenzi imodzi yokha imene inabwera ndi kamera, usadandaule. Imeneyo ikukwanira chaka chonse choyamba. Chinthu chikakhala patali, sendera ndi miyendo.

Zonsezi ndi za masiku ochepa. Chimene chidzakutengere zaka ndi kuwala kwa kwathu kuno. Dzuwa la ku Tete ndi laukali. Likafika paliwombo, maso a munthu amalowa m'maenje akuda, mphumi n'kumanyezimira, ndipo palibe batani limene lingakonze zimenezo. Nthawi yako ndi m'mawa isanakwane 8 koloko, komanso dzuwa likapendeka cha m'ma 4 koloko kupita m'tsogolo. Pamenepo kuwala kumabwera chammbali, n'kumatulutsa chilichonse: mizere ya m'munda, nsungwi zolukidwa za nkhokwe, makwinya a pankhope, ming'alu ya khoma lozira. Ngati wakakamizika kujambula masana, tengera munthuyo pamthunzi, koma osati pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali umene umamwaza mawanga pankhope. Malo abwino ndi pakhonde kapena pakhomo penipeni, munthu ali mkati pang'ono atayang'ana kunja. Kumbuyo kwake kumakhala mdima, nkhope n'kulandira kuwala kofewa kochokera pabwalo. Mbali ina ya nkhope ikada kwambiri, mwana agwire nsalu yoyera kapena thumba loyera la ufa pafupi, lizibweza kuwalako.

Ukafuna kumvetsa zimene ndikunenazi, pita m'chigafa fodya atapachikidwa. Lowa, ima, dikira maso azolowere. Uona kuti kuwala kukulowa chammbali, pansi pa denga, n'kumadutsa m'masamba amene ayamba kuuma, moti mitsempha ya tsamba lililonse ikuoneka. Munthu wosoka fodya akakhala m'mphepete mwa chigafa, manja ake amawala pamene thupi lonse lili mumthunzi. Usajambule chigafa chonse. Sendera, dzaza chithunzi ndi manja, singano ndi tsamba. Tsiku lina dzukira kwa mayi amene akupeta mphale dzuwa litangotuluka. Ukaima dzuwa lili kumbuyo kwako, upeza chithunzi wamba. Zungulira kuti dzuwa likhale kumbuyo kwa iwowo, chammbali pang'ono, ugwade pansi kuti kumbuyo kwawo kukhale mitengo yakuda. Gaga akamauluka pa lichero aziwala mbee, mapewa ndi duku zizingidwa ndi kamzere koyera. Dikira lichero likwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu china chimene uyenera kuchigwira bwino chifukwa chimakhudza khungu lathu. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse chituluke chotuwa chapakatikati. Ukaimika agogo kutsogolo kwa khoma lopaka laimu, kapena thambo likalowa kwambiri m'chithunzi, kamera imaona kuyera kochuluka n'kuchepetsa kuwala, ndipo nkhope imazimirira. Vuto si khungu, ndi kayezedwe. Pakamera pali batani la chizindikiro cha + ndi −. Ukweze kufika +1, ujambulenso, uyerekeze. Ukakhala m'khitchini mwamdima momwe nkhope yokha ndiyo yawala ndi moto, chita mosiyana, utsitse kufika −1 kuti mdima ukhalebe mdima. Samala ndi zovala zoyera, monga mabulauzi a amayi a mpingo pa dzuwa: choyera chikapserera n'kutaya mapindo ake onse, sichibwereranso ngakhale pa kompyuta. Panja pa dzuwa sikirini imanama, choncho phunzira kuwerenga kagirafu kotchedwa histogram. Mulu wake ukakanikizika kukhoma la kumanja, zoyera zapserera. Ukakanikizika kumanzere, zakuda zatsekeka.

Dziwanso kuti mitundu yosiyana ikhoza kutuluka yofanana. Tomato wofiira pa masamba a mpiru amakopa diso kumsika, koma pachithunzi chakuda ndi choyera zonse ziwiri zikhoza kungotuwa mofanana. Usanajambule, tsinzina pang'ono ufunse: chowala n'chiti, chakuda n'chiti? M'menyu ya Monochrome muli masefa achikasu, a orenji, ofiira ndi obiriwira. Sefa iliyonse imawalitsa mtundu wake n'kudetsa wotsutsana nawo. Yofiira imadetsa thambo labuluu, moti mitambo ya mvula zoyamba za Novembala imatuluka mochititsa nthumanzi. Yobiriwira imawalitsa masamba. Pokonza zithunzi pambuyo pake ulipo Snapseed pa foni, kapena darktable ndi RawTherapee pa kompyuta, zonse zaulere. Koma dzanja lipepuke. Oyamba ambiri amakweza contrast mpaka chithunzi kungotsala makala ndi ufa, pamene kukoma kwake kuli m'kutuwa kwa pakati. Ndipo usayeretse khungu la munthu. Umubwezere nkhope yake mmene Mulungu anamuumbira.

Kamera ili ndi adani atatu kuno: fumbi, kutentha ndi chinyontho. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa. Usasinthe lenzi panja. Lowa m'nyumba, zimitsa kamera, iyang'anitse pansi, usinthe msanga. Usapukute lenzi ndi malaya, chifukwa kamchenga kamodzi kamasiya chipsera chosatha. Yamba wapemerera ndi kapampu kamphira, kenako pukuta ndi kansalu kofewa kamene sikagwira ntchito ina. Ukakwera njinga yamoto m'misewu yathu ya fumbi, kamera ikhale m'pulasitiki, m'chikwama cha kumsana, osati chomangirira pa kaliyala pomwe imagwedezeka. Usaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Nthawi ya dzinja usaitsekere m'sutikesi, chifukwa m'lenzi mumamera nkhungu. Uziitulutsa ipitidwe mphepo, ndipo timapaketi ta silica timene timabwera m'mabokosi a nsapato uzitisunga m'chikwama chake. Magetsi poti ndi osadalirika m'midzi yambiri, ndalama yoyamba imene upeze ugulire batire lachiwiri, osati lenzi yatsopano. Tchaja pa sola masana, ndipo usamathe batire ndi kuonerera chithunzi chilichonse ukangojambula.

Tsopano funso lalikulu: ujambule chiyani? Mtima udzakuuza kuti zithunzi zabwino zili ku Maputo, ku Cahora Bassa, kapena pa mlatho wa Samora Machel ku Tete. Ine ndikuti yamba pakhomo pa amako. Ricardo Rangel, amene ambiri amamutcha tate wa ojambula zithunzi m'dziko muno la Mozambique, anabadwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, mu 1924, ndipo ntchito yake yaikulu inali kujambula anthu a mumzinda wake womwewo, m'misewu imene ankayendamo tsiku ndi tsiku, pa filimu yakuda ndi yoyera. Anali mmodzi wa oyambitsa magazini ya Tempo mu 1970, ndipo kuyambira mu 1983 anatsogolera sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo mpaka imfa yake mu 2009. Chithunzi chake china chimene anthu saiwala ndi cha mnyamata woweta ng'ombe nthawi ya atsamunda, amene bwana wake anamudinda pamphumi ndi chitsulo chamoto chifukwa ng'ombe inasowa. Mnyamatayo wangoyang'ana kamera. Mulibe mitundu yoti ikusokoneze, muli maso ndi chipsera, ndipo umboni umenewo ulipobe mpaka lero. Naye Sebastião Salgado wa ku Brazil anajambula okumba golide ku Serra Pelada mu 1986, ndipo mu 1994 anajambula anthu a ku Mozambique akubwerera kwawo nkhondo itatha. Anachokera kutali kudzaona zimene makolo ako anadutsamo. Iwe sukufunika ulendo. Zili pakhomo.

Ganizira za nkhondo imeneyo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu a kuno anathawira ku Zambia, ena mpaka kumsasa wa Ukwimi, ena ku Malawi. Wothawa amanyamula mwana ndi poto, sanyamula zithunzi, ndipo ambiri analibe n'komwe. Yenda m'makomo a ku Chifunde, ku Mualadzi ndi ku Nsadzu, ufunse kuti ndani ali ndi chithunzi cha agogo ake a nthawi imeneyo. Ambiri akuuza dzina lokha. Dera lino ndi dziko lakale la mfumu Undi, amene likulu lake la Mano linali chakufupi ndi mtsinje wa Kapoche, koma mbiri yake yambiri ili m'mitu ya okalamba amene akutha mmodzimmodzi. Ajambule akadali moyo. Jambula wosula makasu, woumba mbiya, woluka mphasa, asodzi a mumtsinje wa Luia, ana pansi pa mtengo wa sukulu, tsiku logulitsa fodya, ngolo ikuwoloka mtsinje. Zimene ukuziona ngati zachabechabe lero ndi zimene adzukulu ako adzazifune kwambiri.

Koma kamera sikupatsa ufulu pa nkhope ya munthu. Safunsa anadya phula. Ukafika pamudzi yamba kwa amfumu, upereke moni, unene za ulendo wako. Kwa wamkulu gwada kaye, cheza nawo, kamera ili m'chikwama. Akadzaiwala kuti wabwera ndi chida, nkhope imamasuka, ndipo chithunzi cha nthawi imeneyo chimasiyana kutali ndi cha munthu woima chilili ngati msilikali. Akakana, thokoza n'kusiya. Mwana usamujambule popanda makolo ake kudziwa. Pamaliro usatulutse kamera pokhapokha eni mbumba akupempha okha. Okumba golide m'maenje a m'dera lathu uwafunse kawiri, chifukwa chithunzi chimene iwe waika pa Facebook kuti anthu akuyamikire chikhoza kumubweretsera munthu mlandu. Apolisi, asilikali ndi pachipata cha Cassacatiza usajambule popanda chilolezo, ungalandidwe kamera.

Za Gule Wamkulu ndinene mwapadera. Mu 2005 bungwe la UNESCO linauzindikira kuti ndi chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo chakumapeto kwa Ogasiti anthu a kuno amawoloka kupita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Kutchuka kumeneko sikunachotse mwambo. Pempha kwa akuluakulu, ujambule za pabwalo zokha, uime pamene akuuza kuti uime. Usatsatire gule kumene akuchokera kapena kumene akupita, ndipo zachinsinsi zikhale zachinsinsi. Ukaloledwa, ika shutter pa 1/1000, ulole dzuwa lidutse m'fumbi limene mapazi akubutsa. Usaiwale kutembenuka: manja a oimba ng'oma ndi nkhope za amayi oomba m'manja ndi gawo la gule yemweyo.

Chithunzi chimene chili pa khadi imodzi yokha sichinasungidwe. Makhadi amafa, mafoni amabedwa, makompyuta a m'malo otsukira zithunzi amakhala ndi mavairasi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chithunzi chilichonse chofunika chikhale malo awiri, ndipo ukapeza intaneti yabwino tumiza zabwino kwambiri kumalo achitatu. Gula kabuku ka sukulu, uzilembamo nambala ya chithunzi, dzina la munthu, mfunda wake, mudzi ndi tsiku. Nkhope yopanda dzina imasanduka mlendo pakangodutsa mibadwo iwiri. Usankhe mwankhanza: pa zithunzi zambirimbiri za tsiku limodzi, sonyeza anthu zitatu kapena zinayi zokha. Ndipo ukapita ku Tete kapena ku Katete, katsukitse zina papepala. Uwauze otsukawo kuti ndi zakuda ndi zoyera, uone chimodzi kaye asanatulutse zonse, chifukwa makina ena amazitulutsa zobiriwirako. Pobwera, kapereke chithunzi kwa mwini nkhope. Amene unamujambula n'kumubweretsera chithunzi chake adzakutsegulira makomo ena khumi, ndipo dzina lako lidzayenda bwino kuposa chikwangwani chilichonse.

Kamera idzakudyetsa ndithu. Maukwati, ubatizo, zithunzi za ziphaso ndi za ana omaliza sukulu zidzabweretsa ndalama, ndipo zambiri mwa izo anthu adzazifuna zamitundu. Uzigwira ntchitoyo mokhulupirika, uzipereka pa tsiku limene walonjeza. Koma sabata iliyonse patula tsiku limodzi la zithunzi zimene palibe wakutuma. Sabata ino yamba ndi munthu wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu. Pita m'mawa, khala nawo pakhomo, afunse kumene anabadwira ndi kumene anathawira, lemba zimene akuuza, ndipo kuwala kukakhala bwino pankhope pawo, pempha. Sabata yamawa pita kwa wina. Mlendo wodutsa angabwere ndi kamera yoposa yako kakhumi, koma sadziwa mayina, sadziwa chinenero, ndipo mawa wapita. Iwe ukudziwa amene anabala yani, ndipo chaka chamawa udzakhala uli konkuno. Ntchito imeneyi palibe wa ku Maputo kapena wa kunja amene adzatigwirire. Yagwera iwe, mwana wanga, ndipo okalambawo sadikira.